Akwera Ndani Njinga Imeneyi?

Ine ndine Esime, ndipo kudikira sindikudziwa. Amayi ankati ngakhale pobadwa sindinadikire azamba, pamene ankafika n'kuti ndikulira kale pamphasa. Ntchito yanga ili pamalire a Mwanza, yothamangitsa mapepala a katundu wa m'mathiraki odutsa kupita ku Zobue, ndipo dalaivala akandiuza kuti "mawa" ndimamufunsa kuti lero lamulakwira chiyani. Ndikunena izi kuti mukamamva zimene ndinawachita bambo anga musaganize kuti wina anandilodza. Ndi khalidwe langa basi.

Amayi, a Lucia, anamwalira mu Ogasiti chaka cha 2013, ndipo tinakawaika kwawo ku Thambani. Chaka chisanathe amalume a Masauko, mlongo wawo wa amayi, anaika tsiku lovundukula chiliza: Loweruka lomaliza la Ogasiti. Abale a ku Joni anagula matikiti, abusa anauzidwa, mbuzi ziwiri zinasankhidwa. Zonse zinali m'malo kupatula munthu mmodzi, amene ankayenera kukachotsa nsalu pachilizapo. Munthuyo anali bambo anga, a Sankhani.

Bambo chibwerere kumaliro anangokhala pansi. Pakhonde la nyumba yathu, pamwamba pa chitunda kwa Kanduku, pali mpando wa ndalema, ndipo chaka chonse sanasiyane nawo. Manachesi a kuseri anapsa n'kugwa okha iwo akuyang'ana. Munthu amene ankadzutsa mudzi wonse ndi mluzu popita kudimba, tsopano ukamufunsa kuti mwadzuka bwanji ankangokweza dzanja. Zinkandiwawa, komanso zinkandipsetsa mtima, ndipo sindinkadziwa kuti chachikulu ndi chiti.

"Bambo, tsiku laikidwa," ndinawauza. "Ndipeza pikapu itinyamule."

"Pikapu ikwere mbuzi."

"Ndiye chiliza cha akazi anu akavundukule ndani? Anthu odutsa mumsewu?"

"Masauko alipo."

"Bambo!"

Anandiyang'ana, koyamba m'miyezi yambiri. "Mayi ako ndinakawatenga ku Thambani pa Nkhunzi, mudzi wonse ukuona. Pamaliro paja munandiponya kumbuyo kwa pikapu ngati thumba la makala, njira yomwe sindinaione. Ndikaonekenso choncho kwa mkazi wanga? Ayi. Kapitani inu."

Bambo anga akati ayi, nkhani yatha. Ndinawaona m'maganizo amalume ataima pamanda, anthu akunong'onezana kuti kodi mwamuna wa malemuwa ali kuti, munthu amene anakhala naye zaka makumi anayi ndi zinayi. Koma manyaziwo sanali aakulu. Chimene ndinkaopa n'chakuti akapanda kupita Loweruka limenelo, pampando uja sadzadzukaponso mpaka tidzawanyamulepo.

Nkhunzi ndi njinga yamoto, BSA yakuda yathanki yofiira, imene bambo anagula ali pantchito ku Halale n'kubwera nayo okha kudzera ku Tete. Ankati ikalira pachitunda pathu, a ku msika ankadziwa kuti a Sankhani anyamuka. Inafa ine ndili kusekondale, ndipo kuchokera pamenepo inagona m'khitchini yakale kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Nditawerenga masiku ndinapeza kuti kwatsala milungu isanu ndi umodzi. Tsiku limene bambo anapita kuchipatala kukatenga mankhwala a BP, ndinaikweza pa pikapu n'kuthawa nayo kuboma. Sindinawauze, chifukwa ndinadziwa kuti akanandiuza kuti zakufa zisiye.

Makaniko wa njinga zamoto amene aliyense anandilozera anali Che Jaffu, kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango. Ndi mkulu wa kofia yoyera ndi magalasi omangidwa ndi kawaya, ndipo sindinaonepo munthu wochedwa ngati ameneyo. Njingayo anaizungulira katatu osalankhula. Anaigogoda thanki. Ananunkhiza m'paipi ya utsi. Ine n'kuti ndayang'ana wotchi kasanu.

"Iyi ndi ya a Sankhani," anatero pomaliza. "Ndikuphunzira ntchito inkabwera kudzamangitsa tcheni."

"Ndiye itheka kapena sitheka?"

"Achemwali, khalani pansi."

"Ndakhala kale pa pikapu. Itheka?"

Anatsegula injini tsiku lomwelo ine ndikuyang'ana. M'kati munali dzimbiri lokhalokha ndi mng'alu wotalika ngati chala. Che Jaffu anapukusa mutu. Anati injini imeneyo ndi maliro, zipangizo zake sizikupezekanso ngakhale ku Limbe. Koma anati thupi lake ndi lolimba, chitsulo cha kale. Angasunge felemu, thanki, nyali ndi paipi ya utsi, n'kuikamo injini ina ya ku Japan imene mnzake wa ku Zobue anali nayo. Angalukenso masipoko, kusoketsa chishalo chatsopano, kupenta monga inalili, zonsezo m'milungu isanu ndi umodzi. Ndinavomera asanamalize kulankhula.

"Chabwino. Tsopano funso langa ndi limodzi," anatero. "Akwera ndani njinga imeneyi?"

"Zili ndi ntchito yanji?"

"Ine sindimanga njinga ndisanadziwe mwini miyendo. Taonani apa." Anagwada n'kuloza ndi sipanala. "Njinga za ku Mangalande zakalezi giya ili ku mwendo wamanja, buleki ku mwendo wamanzere. Za masiku ano zonse n'zotembenuza: giya kumanzere, buleki kumanja. Injini yatsopanoyi ibwera ndi makhalidwe ake. Ngati akwera ndi inu, amene munazolowera tinjinga ta pamalire, tisiya choncho. Koma ngati akwera ndi madala, ndiyenera kudutsitsa zitsulo pansi kuti zopondera zibwerere m'malo mwake. Mutu umaphunzira, achemwali, koma mwendo wa munthu wamkulu suphunziranso. Ukadzidzimuka umaponda pomwe unazolowera."

"Zitsulozo zitenga masiku angati?"

"Zikasulidwe ku Ndirande, ndiziyese, ndizibweze, ndiziyesenso. Onjezerani milungu iwiri pa isanu ndi umodziyo."

Milungu iwiri! Chiliza chikanakhala chitavundukulidwa, abale atabwerera ku Joni. Ndinadziuza kuti mkuluyu akungokometsa ntchito. Giya ndi giya, buleki ndi buleki, bambo ndidzangowauza mawu awiri basi.

"Akwera ndine," ndinatero. "Bambo anandipatsa."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ine sindinaphethire. Pamalire timanama pamaso pa anthu a yunifolomu, ndiye makaniko wa pansi pa mango ndi ndani? Anabweretsa bokosi lathabwa n'kundiuza kuti ndikhalepo ngati ndakwera. Anandiyeza ndi chingwe kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi, kuchokera paphewa mpaka kudzanja, n'kumamanga mfundo. Chingwecho anachipachika pamsomali.

Milungu imene inatsatira ndinamusowetsa mtendere mkuluyo, ndikuvomera. M'mawa ndisanapite kumalire ndinali pamenepo. Masana thiraki ikangodutsa, ndinali pamenepo. Ntchito sinkaoneka ngati ikuyenda. Lero thanki ili padzuwa, mawa thanki ikadali padzuwa. Masipoko ankaluka limodzilimodzi, kuliliza ndi chala n'kumvetsera. Lachisanu lililonse masana ankatseka bokosi la masipanala n'kupita kumzikiti, ine n'kutsala ndikuzungulira mtengo wa mango ndikudya milomo.

"Che Jaffu, pentiyu sauma kodi?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ine maso a nkhono ndilibe nawo ntchito. Ndikufuna njinga."

"Mukadaiika m'khitchini zaka zina khumi ndi zisanu ikadadikira. Inu masiku awiri akukanikani?"

Kuntchito ndinasokoneza mapepala a mathiraki awiri, madalaivala n'kundilalatira m'zilankhulo zitatu. Lamlungu ndikapita kwa Kanduku ndinkawapeza bambo pampando pomwe paja, atawonderako, ndipo ndinkaimika njinga yanga ya kuntchito pakhomo la khitchini yakale kuti asasuzumiremo. Sanasuzumire n'komwe. Amalume ankandiimbira foni kufunsa ngati alamu awo asintha maganizo, ine n'kumayankha kuti abwera, musadandaule.

Tinakangana kamodzi kwenikweni, ine ndi Che Jaffu, pa nkhani ya kachitsulo. Kumbuyo kwa chishalo kunali kachitsulo kopindika, kowotchereredwa mwachisawawa, kosagwirizana ndi china chilichonse panjingapo. Thanki itawala, masipoko atanyezimira, iko kanaoneka ngati dzino lowola.

"Kaduleni aka," ndinatero.

"Sindidula."

"Njinga ndi yanga."

"Tagwirani."

Ndinakagwira. Pakati pake panali posalala ngati mpini wa khasu lakale.

"Aka si ka fakitale, anawotcherera okha madala," anatero. "Mayi anu ankakhala chammbali, ndipo akazi a nthawi imeneyo sankagwira mwamuna m'chiuno anthu akuona. Kusalalaku ndi dzanja lawo. Mukafuna kudula, bwerekani sowo mudule nokha."

Ndinamuuza kuti achite zimene akufuna, ndikuchedwa kuntchito. Ndinakalirira kuseri kwa msika, mphindi ziwiri zokha, n'kubwerera kudzamufunsa ngati matayala afika.

Njinga inatha Lachinayi m'mawa, kutatsala masiku awiri. Abale inu, inali njinga! Yakuda bii, thanki psuu, nyali yake yaikulu ija itapukutidwa. Che Jaffu atailiza, paipi yakale ija inatulutsa mawu akuya amene ndinawamva m'mimba. Nditakhalapo, mapazi anafika pansi bwinobwino, manja anagwera okha pa mahandulo. Sindinadikire ngakhale kuti amalize malangizo ake. Ndinakwera chitunda cha kwathu fumbi lili kobo, ana akuthamangira m'mbuyo.

Bambo anaimirira ndisanafike pabwalo. Anaimirira okha, osagwira mzati. Anatsika pakhonde opanda nsapato, n'kuika dzanja pathanki injini ikadalira.

"Nkhunzi," anatero. Anapendeketsa mutu kumvetsera. "Mawu asintha pang'ono."

Apa ndi pamene ndinayenera kuwauza. Mawu awiri aja anali pakamwa. Koma ndikanena za giya ndi buleki, ndiye kuti ndanenanso kuti injini yawo ija, imene anadutsa nayo Tete, ili pamulu wa zitsulo kuseri kwa msika. Nkhope imene ndinkaiona inali ya bambo anga a kale, ndipo sindinafune kuizimitsa. Ndinati ndiwauza akakhalapo.

"Yakhalitsa, bambo," ndinayankha.

"Eya. Nafenso mawu anasintha." Anaseka. "Tatsika."

Sindinaganize kuti anyamuka pomwepo. Ndinaiwala kuti kusadikira ndinatengera kwa munthu. Ndisanatsegule pakamwa anali atakhalapo kale, atakweza mapazi, ndipo bwalo lathu ndi lotsetsereka. Njinga inayamba kutsika yokha. Ndinaona mwendo wawo wamanja ukufuna giya. Tayala lakumbuyo linagwira n'kukwekwereza pamiyala, njinga n'kupepeluka. Anadzidzimuka, n'kuponda mwamphamvu kumanzere kuti aime. Giya inalowa, Nkhunzi inalumpha. Ndinakuwa kuti "Kumanja! Kumanja!" koma ndani akanamva? Anakagunda mzati wa khola la mbuzi n'kugwera chammbali.

Kuchipatala anati fupa silinathyoke, koma dzanja lamanzere labinya polumikizira, lisagwire kanthu milungu itatu. Analimanga bandeji n'kulikoleka pakhosi ndi nsalu. Tinabwerera dzuwa litapendeka. Bambo anapita molunjika kumpando wa ndalema. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mapazi awo.

"Ndinaponda giya, inagwira buleki," anatero pang'onopang'ono. "Ndinaponda buleki, inathamanga. Zaka makumi atatu ndayenda pa njinga imene ija. Mutu wanga watha, Esime. Miyendo sikundimveranso." Anapukuta m'maso ndi dzanja labwinolo. "Iwe wachita mbali yako, mwana wanga. Wolephera ndine. Mayi ako achita mwayi kusaona zimenezi. Ukawauze a Masauko asandidikire."

Ine, Esime, amene ndimayankha munthu asanamalize funso, sindinawauze zoona. Ndinachita mantha. Ndinawasiya bambo anga akagone akukhulupirira kuti apenga.

Lachisanu m'mamawa ndinali kale pansi pa mango. Njinga sinawonongeke kwambiri, nyali yokha inapindika ndipo handulo inakalika. Che Jaffu anayang'ana nyaliyo, n'kuyang'ana mawondo anga ndi zigongono zanga.

"Inu simunagwe," anatero. "Wagwa ndani?"

Ndinamuuza zonse. Anavula magalasi n'kuwaika pathanki. Sanakweze mawu, ndipo bola akanakweza.

"Ndinakufunsani funso limodzi lokha."

"Pepani, Che Jaffu."

"Pepani sapoletsa chilonda. Kukanakhala kutsetsereka kwa kumtsinje kuja, bwenzi mawa mukumanga ziliza ziwiri."

"Ndalakwa, ndavomera. Koma zitsulo zija, simungazipange lero? Ndithamangira ku Ndirande ine ndemwe, pofika madzulo ndabwera."

"Mwayambanso! Ngakhale zitagwa kumwamba pompano, kilatchi agwira ndi dzanja liti?"

Ndinakhala pabokosi lija n'kugwira mutu. Iye anatenga nyundo yamphira n'kuyamba kuwongola nyali, pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse. Atamaliza anatsitsa chingwe cha mfundo pamsomali n'kundiponyera pamiyendo.

"Ine ndinamangira munthu amene anakhala pabokosi limenelo. Chishalo ndi cha msinkhu wanu, mahandulo ndi a mikono yanu. Munati akwera ndinu. Kakwereni. Koma choyamba kawabwezereni madala mutu wawo, mwawabera inu." Anatseka bokosi la masipanala n'kupita kukasamba za kumzikiti.

Ndinawapeza bambo pampando, phala la m'mawa lili pambali losakhudzidwa. Ndinagwada pansi, chinthu chimene ndinali nditasiya kalekale, n'kunena zonse mosapumira: za injini, za funso la Che Jaffu, za milungu iwiri, za bodza langa. Sanandidule. Nditamaliza anati, "Kandionetse."

Anatsika n'kugwada pambali pa njinga. Anakanikiza chopondera cha kumanja ndi dzanja, n'kuona kachitsulo kakukoka buleki ya tayala lakumbuyo. Anazungulira mbali inayo, n'kukanikiza cha kumanzere, giya n'kulira kuti kha. Anabwerezanso kawiri.

"Ndiye mwendo wanga unaponda pamalo pake?"

"Pamalo pake penipeni, bambo."

"Bwereza."

"Miyendo yanu sinalakwe. Ndinalakwa ndine."

Anapuma mpweya wautali, mapewa n'kutsika. Kenako mkwiyo unabwera, ndipo ndinasangalala kuuona ngakhale unali wanga. "Iwe mwana iwe! Ndachezera kuwerenga mayina a adzukulu kuti ndione ngati ndikuwakumbukira! Ukuba njinga yanga, ukuichotsa mtima, ukunamiza mmisiri, ndiye ukundiyang'ana ndikudzitcha wamisala? Choka pamaso panga!"

Ndinachoka, koma sindinapite patali. Ndinkasuzumira pawindo la kuchipinda. Kumpando sanabwerere. Anatenga kansanza n'kumapukuta fumbi pathanki ndi dzanja limodzi, kenako nyali, kenako chishalo. Atafika kumbuyo anaima. Anagwira kachitsulo kaja, ndipo sanakasiye mpaka nkhuku zinayamba kulowa. Za mawa sananene chilichonse, nanenso sindinayerekeze kufunsa.

Loweruka pikapu inafika seveni koloko, itadzaza abale a kuno ndi mapoto. Dalaivala analiza hutala katatu. Chitseko cha bambo chinali chotseka. Ndinagogoda, zii. Ndinawauza anthu kuti tsogolani, ine ndikubwera. Pikapu itapita ndinayamba kuzungulira bwalo. Ndinalowa m'nyumba, ndinatuluka. Ndinasesa posesedwa kale. Foni ya amalume inalira kawiri, sindinayankhe. Eyiti koloko inakwana, hafu pasiti eyiti. Ndinakhala patsinde la nachesi n'kudziuza kuti basi, ndawononga ndekha, ndikaime pamanda pa amayi ndikanene kuti bambo sanabwere chifukwa cha ine.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka atavala jekete yawo yakuda ya kutchalitchi, mkono umodzi uli m'kati, nsapato zitapolishidwa.

"Ukudikira chiyani? Si iwe uja sudikira?"

"Bambo, pikapu yapita."

"Ndani wanena za pikapu? Unamuuza Jaffu kuti akwera ndiwe. Usamunamize kawiri. Liza."

Ndinaliza. Kiki yolizira injini ndinachita kuiponda katatu. Bambo anaima pambali kuyang'ana malo akumbuyo aja, amene m'moyo wawo wonse sanakhalepo. Ndinadziwa chimene chinkawavuta: bambo sagwira mwana wake wamkazi wamkulu m'chiuno, ngakhale njira itaipa bwanji. Anakweza mwendo movutikira, n'kukhala, n'kupititsa dzanja lamanja kumbuyo. Linakapeza lokha kachitsulo kaja.

"Tiye. Koma ukathamanga ndikutsika."

Msewu wa ku Thambani mu Ogasiti ndi fumbi, miyala ndi zitunda. Ndinauyenda pang'onopang'ono, moti anyamata a kabaza wa njinga zakapalasa ankatsala pang'ono kutipitirira potsetsereka. Poyamba bambo sanandipatse mpata. "Dzenje ilo! Tsitsa giya, ukuipweteka. Iwe, mchenga sauponderamo buleki!" Ine ndinkangoti eya bambo, eya bambo. Titawoloka kamlatho kachiwiri anasiya kulankhula. Tinayenda mtunda wautali ndikungomva injini, mpaka ndinachita mantha kuti mwina akudwala.

"Bambo, muli bwino?"

"Kuno sikuoneka msewu," anatero pafupi ndi khutu langa. "Ndikungoona msana wako."

"Ndiime?"

"Ayi, yenda." Kenako anati, "Zaka zonse zija mayi ako ankangoona msana wanga. Dzenje likubwera sankalidziwa, ankangolimva. Ine ndinkathamanga, Esime, ndinkathamanga kuposa iwe. Sindinawafunsepo ngakhale tsiku limodzi ngati ankaopa."

Misozi inasakanikirana ndi fumbi, ndipo ndinalibe dzanja lopukutira.

Tinadutsa msika wa Thambani cha m'ma leveni, anthu akutembenuka kuyang'ana njinga yachilendoyo ndi mkulu wajekete kumbuyo kwa mzimayi. Titakhotera kanjira ka kumudzi kwa amayi ndinayamba kumva nyimbo za amayi a chigwirizano kuchokera kumitengo ya kumanda. Ndinachepetsa moto kuti tifike mwaulemu, mosasokoneza mapemphero. Bambo anandigogoda paphewa ndi chipumi, poti dzanja linali pakachitsulo.

"Usaitsamwitse. Ndinkati ndikafika apa ndinkaliza kawiri, iwo n'kutuluka. Liza, amve kuti ndabwera."

Ndinagwira kilatchi n'kupotokola handulo kawiri, Nkhunzi n'kubangula mpaka mbalame zinauluka m'mitengo. Nyimbo inaduka. Ndinaona amalume a Masauko akutuluka pakati pa anthu chipewa chili m'manja, kukamwa kuli yasa. Bambo anatsika okha, anakonza jekete, n'kuyenda kulowera kumene kunali nsalu yoyera ija. Ine ndinazimitsa injini n'kuwatsatira pambuyo, osawapitirira.